Fuko la Chimanga ndi Fuko la Mpunga: Zimene Zizindikiro za Chibadwa Zimatiuza za Mbozi ya Fall Armyworm

Phunziro lino lalembedwera alangizi a zaulimi a m'maiko a chigawo chathu, makamaka iwo amene amapemphedwa kutolera mbozi m'minda ya alimi ndi kuzitumiza ku malo a kafukufuku, ndipo pakapita miyezi amalandira pepala la zotsatira lodzaza ndi zilembo zimene palibe adawamasulirapo. Tikambirana za mbozi imodzi, ija idaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, imene akatswiri amaitcha Spodoptera frugiperda, ndipo pa Chingerezi imadziwika ndi dzina loti fall armyworm. Alimi ambiri amangoitchula kuti ntchemberezandonda, koma mwini wake wa dzinali ndi Spodoptera exempta, mbozi imene makolo athu ankaidziwa kale, ija imabwera mwachigulu, nkupulula msipu ndi mmera, kenaka nkuzimirira. Mlendoyu sazimirira. Kwawo ndi ku America, koma kuno adapeza chimanga cha dzinja ndi cha m'madimba chikulandirana chaka chonse, ndipo adakhazikika.

Ambiri tikukumbukira mmene zinthu zidalili. Mu Disembala 2016 boma la Zambia lidagwiritsa ntchito ndege za asilikali ponyamula mankhwala kupita nawo m'zigawo. Mu Febuluwale 2017 bungwe la FAO lidaitanitsa msonkhano wadzidzidzi ku Harare, ndipo mu Disembala chaka chomwecho boma la Malawi lidalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi kaamba ka mbozi yomweyi. M'masiku amenewo mudamvekanso mawu ena amene adaonjezera nkhawa: akuti mbozi zambiri zoyezedwa m'labotale zikupezeka kuti ndi za "fuko la mpunga". Funso limene lidatsatira, ndipo alangizi ena akulifunsabe, ndi lakuti: kodi alimi a mpunga a ku Karonga, ku Nkhotakota, ku chigwa cha Chilwa, ku Mongu ndi ku Zambézia ayambe kugula mankhwala? Yankho lake silingamveke tisanadziwe chimene labotale imayeza, ndi chimene siiyeza.

Mtundu umodzi, mafuko awiri

M'phunziro lino mawu oti "mtundu" tiwagwiritsa ntchito monga mmene timanenera kuti kapuchi ndi mtundu wina wa mbozi ndipo fall armyworm ndi mtundu winanso. Mawu oti "fuko" tiwasungira magulu a m'kati mwa mtundu umodzi.

M'zaka za m'ma 1980, Dorothy Pashley wa pa Louisiana State University ku America ankayeza mapuloteni a m'thupi la mbozizi pofuna kudziwa kumene agulugufe ake amachokera akamaulukira kumpoto nyengo yotentha. Adatulukira chinthu chimene sankachifuna poyamba. Mbozi zotoledwa m'chimanga zidali zosiyana ndi zotoledwa mu mpunga ndi m'kapinga ngakhale zichokere dera limodzi, pamene mbozi za m'chimanga cha madera otalikirana zidali zofanana. Adafalitsa zimenezi mu 1986, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri amakamba za mafuko awiri. Fuko la chimanga limapezeka kwambiri m'chimanga, m'mapira ndi m'thonje. Fuko la mpunga limapezeka mu mpunga, m'kapinga ndi mu udzu wa msipu. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsanso kuti agulugufe a fuko la chimanga amakwerana kukangoda, pamene a fuko la mpunga amadikira usiku upite. Komabe mpanda wa pakati pawo si wolimba: amatha kukwerana ndi kubereka, m'labotale ngakhalenso m'munda.

Vuto nlakuti ndi maso mafukowa sasiyanitsika. Chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi chakumchira, zimene tonse tidaphunzitsa alimi, zimatiuza mtundu wa mbozi basi. Mafuko onse awiri ali nazo. Ngakhale katswiri atang'amba gulugufe nkumuunika pa makina okuza zinthu, sanganene motsimikiza fuko lake.

Nkhani ya mafuko si ya akatswiri okha. Mu 2018 Débora Montezano ndi anzake adafalitsa mndandanda wa zomera 353 za m'mabanja 76 zimene mboziyi idapezekapo. Nambalayi idabwerezedwa m'misonkhano yambiri ngati kuti mbewu zonsezo zili pa chiopsezo chofanana kuno kwathu. Koma mndandandawo udaphatikiza zimene mafuko onse awiri amadya ku America. Ngati fuko limodzi lokha ndilo lidaoloka nyanja, ndiye kuti mbali yaikulu ya mndandandawo si yotisowetsa tulo lero.

Chizindikiro cha chibadwa nchiyani?

Thupi la chamoyo chilichonse lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene umasunga malangizo onse a chibadwa. Ulusiwu udalukidwa ndi zinthu zinayi zokha, zimene timaziimiritsa ndi zilembo A, C, G ndi T, ndipo kandandalikidwe ka zilembozi ndiko kamasiyanitsa mbuzi ndi nkhosa, ngakhalenso mwana ndi mbale wake. Kachigawo ka ulusi kamene kali ndi ntchito yakeyake timakatcha jini. Akachuluka ndi majini, ndipo pano sitikunena aja amatulutsidwa kwa asing'anga. Mbozi yathuyi ili ndi zilembo pafupifupi mamiliyoni 400.

Kuwerenga zilembo zonsezo pa mbozi iliyonse kumafuna ndalama zambiri, kotero akatswiri amasankha malo amodzi kapena awiri pamene mafuko amasiyana, nkumayang'ana pamenepo pokha. Malo oterowo ndiwo timati chizindikiro cha chibadwa. Tingachiyerekeze ndi kudula khutu kumene mwini ng'ombe amachita: kumakuuza khola limene ng'ombe idachokera, koma sikuonjezera mkaka kapena mphamvu zokokera ngolo. Momwemonso chizindikiro sindicho chimachititsa mbozi kukonda mpunga kapena chimanga. Chimangoyendera limodzi ndi khalidwelo, ndipo mafuko akakwerana, chizindikiro ndi khalidwe zikhoza kupatukana njira. Mfundo imeneyi ndiyo phata la phunziro lonse lino.

M'labotale katswiri amatenga mwendo wa gulugufe kapena kachidutswa ka mbozi, nkuchotsamo DNA, kenaka nkuchulukitsa kachigawo kamene akukafuna ndi njira yotchedwa PCR, imene Kary Mullis adaitulukira mu 1983. Pa maola awiri kapena atatu kachigawoko kamakhala katachuluka mamiliyoni. Zikatero angathe kuwerenga zilembo zake ndi makina, kapena kuthiramo mankhwala amene amadula DNA pamalo pokhapo pamene pali zilembo zakutizakuti.

COI: chizindikiro cha kuchikazi

Chizindikiro chimene malabotale ambiri amayamba nacho ndi jini yotchedwa COI. Ndi yomweyo imene Paul Hebert wa ku Guelph ku Canada adalimbikitsa mu 2003 kuti izikhala yodziwira mitundu ya nyama, powerenga zilembo zake 658. Pa ntchito yosiyanitsa mitundu COI ndi yodalirika ndithu. Kambozi ka masiku atatu, kamene Y wake ndi timadontho take sizinaoneke bwino, COI imanena ngati ndi fall armyworm, ntchemberezandonda yathu yakale, kapena mbozi ya thonje. Ngakhale mazira angathe kuyezedwa. Georg Goergen ndi anzake a ku IITA adagwiritsa ntchito njira imeneyi, pamodzi ndi kuunika maonekedwe a agulugufe, potsimikiza mu 2016 kuti mbozi imene inkaononga chimanga ku Nigeria ndi ku São Tomé ndi ya ku America.

Pofuna kusiyanitsa mafuko, njira yosavuta ndiyo kuchulukitsa kachigawo ka COI ka zilembo 569 ndi kuthiramo mankhwala odula otchedwa MspI. Ngati kachigawoko ndi ka fuko la chimanga kamaduka pawiri, ka zilembo 497 ndi ka zilembo 72. Ngati ndi ka fuko la mpunga kamatsala kathunthu. Katswiri amayendetsa tizidutswato ndi mphamvu ya magetsi m'chinthu chonga phala lozizira, ndipo timaoneka ngati timizere. Njirayi ndi yachangu ndiponso yosadula, nchifukwa chake idafala.

Tsono apa ndi pofunika kumvetsetsa. Jini ya COI siikhala pakati pa selo pamene pali majini ambiri. Imakhala m'tizinthu totchedwa mitokondiriya, timene timapereka mphamvu ku selo, ndipo tili ndi ulusi wathuwathu waufupi wa DNA. Mwana amalandira mitokondiriya kudzera m'dzira, kutanthauza kuti kuchokera kwa mai ake okha. Bambo sapereka kanthu pamenepa.

Alangizi a ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia sangavutike kumva zimenezi, pakuti ndi mmene bele limayendera pakati pa Achewa. Mwana ndi wa bele la mai ake, mai akewo ndi a bele la agogo aakazi, mpaka kukafika kwa kholo lachikazi limene lidayambitsa mudzi. Akamwini amabwera kuchokera kwina, nabereka ana amene atenga nkhope yawo, msinkhu wawo ndi luso lawo, koma powerenga bele akamwiniwo satchulidwa. COI imawerenga bele. Ikati "fuko la mpunga", chimene yanena nchakuti kholo lachikazi la mboziyo, potsata mzere wa amai okhaokha, lidali la fuko la mpunga. Za akamwini onse amene adalowa m'banjamo siinenapo kanthu.

Tpi: kufunsako kuchimuna

Poona kuperewera kumeneku, Rodney Nagoshi wa ku nthambi ya zaulimi ya boma la United States ku Gainesville, Florida, adafalitsa mu 2010 chizindikiro chachiwiri, jini yotchedwa Tpi. Jini imeneyi ili pakati pa selo, pamene DNA idamangidwa m'mitolo yotchedwa makoromozomu, ndipo ili pa mtolo wotchedwa Z, umene umakhudzana ndi kukhala wamwamuna kapena wamkazi. Mwa agulugufe zinthu ndi zotembenuka poyerekeza ndi anthu: wamwamuna ndiye ali ndi mitolo iwiri yofanana, Z ndi Z, pamene wamkazi ali ndi Z ndi W. Malo amene amayang'anidwa kawirikawiri pa Tpi amadziwika ndi nambala 183. Pamenepo fuko la chimanga lili ndi chilembo C, ndipo fuko la mpunga lili ndi T.

Tiyeni titsate ukwati umodzi. Gulugufe wamkazi wa fuko la mpunga wakwerana ndi wamwamuna wa fuko la chimanga. Ana onse atenga COI ya mpunga kwa mai. Ana aakazi alandira W kwa mai ndi Z kwa bambo, motero Tpi yawo ndi ya chimanga yokhayokha. Ana aamuna alandira Z imodzi uku ndi ina uko, ndipo makina adzaonetsa C ndi T pamalo amodzi. Pa pepala la zotsatira zimenezi zimalembedwa TpiH. Tsopano ana aakazi aja akwerane ndi amuna a fuko la chimanga, ndipo ana awo aakazi achitenso chimodzimodzi. Pa m'badwo uliwonse gawo la majini a mpunga limatsika ndi theka. Pofika m'badwo wachikhumi latsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,024. Popeza kumalo otentha m'badwo umodzi umatenga masiku ngati 30, zonsezi zikhoza kuchitika chaka chisanathe. Koma COI ikhalabe ikunena kuti "mpunga", chifukwa bele silisintha.

Tpi nayo si mapeto a nkhani. Ndi jini imodzi pa mtolo umodzi. Ubwino wake ngwakuti kafukufuku wa ku America adaonetsa kuti imagwirizana bwino ndi mbewu imene mbozi yapezekapo, ndiponso zambiri zimene zimasiyanitsa mafukowa zikuoneka kuti zili pa mtolo womwewo wa Z.

Zimene zidapezeka mu Africa

Malipoti oyamba, monga a ku Ghana mu 2017 ndi a ku Uganda mu 2018, adadalira COI, ndipo adanena kuti mafuko onse awiri alowa. Sadaname: zizindikiro zonse ziwiri za COI zidalipodi. Koma pamene Nagoshi ndi anzake a m'maiko a mu Africa adayeza mbozi ndi zizindikiro ziwiri pamodzi, kuyambira ku Togo mu 2017, kenaka m'maiko asanu ndi limodzi mu 2018, ndi m'maiko 11 mu 2019, chithunzi chidasintha. Kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa mbozi zoposa theka zidali ndi COI ya mpunga, koma pafupifupi zonse zidali ndi Tpi ya chimanga, ndipo zidatoledwa m'chimanga. Tpi ya mpunga inkapezeka mwa apo ndi apo, kawirikawiri itaphatikizana ndi ya chimanga m'mbozi imodzi, ndiponso idali ya kalembedwe kamodzi kokha kamene ofufuzawo sadakapeze m'mbozi za ku America zimene adaziyerekeza nazo. Mu 2021 gulu lomweli lidafalitsa zotsatira za kafukufuku wofunafuna dala fuko la mpunga ku Ghana ndi ku Togo, ndipo lidati fukolo ndi losowa kwambiri kapena kulibiretu.

Kumasulira kwake ndi kuja tatsata pa ukwati wa gulugufe. Pakati pa agulugufe ochepa amene adayambitsa mliriwu padali aakazi a bele la mpunga, koma mbumba yawo idadzazidwa ndi majini a fuko la chimanga. Kafukufuku wowerenga DNA yonse, monga wa Sudeeptha Yainna ndi anzake wa mu 2022, adapezanso kuti mbozi zimene zidafalikira kunja kwa America ndi za fuko la chimanga. Ndipo munda ukuvomereza. Chiyambire 2016, chimanga ndicho chaonongeka kwambiri m'maiko athu, mapira akutsatira, pamene mpunga sunaone chionongeko chofanana ndi chimenecho.

Zizindikiro zomwezi zidathandizanso kulondola phazi la mlendoyu. M'kati mwa COI ya fuko la chimanga muli timagulu tina, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana pakati pa agulugufe a ku Florida ndi zilumba za Caribbean, ndi a ku Texas ndi South America. Mbozi za mu Africa zidafanana ndi za ku Florida ndi Caribbean. Zidapezekanso kuti mbozi za ku South Africa ndi za ku India, kumene mliri udafika mu 2018, zili ndi zizindikiro zofanana. Pa funso lakuti mboziyi idalowa kangati, akatswiri sagwirizana. Nagoshi amaona kuchepa kwa kusiyana kwa zizindikiro ngati umboni wakuti idalowa kamodzi kapena kangapo kochepa nkufalikira. Wee Tek Tay wa ku CSIRO ku Australia ndi anzake, amene mu 2022 adayeza malo mazanamazana a DNA m'mbozi za maiko angapo kuphatikizapo Malawi ndi Uganda, akuti idalowa kambiri ndiponso kudzera njira zosiyana. Kwa mlangizi mkanganowu ukutanthauza chinthu chimodzi chogwirika: khomo limene mlendo woyamba adalowera likhoza kulowetsanso wina, ndipo wotsatirayo akhoza kukhala wa fuko la mpunga lenileni.

Si mbozi yokha imene yatiphunzitsa zimenezi. Tintchentche toyera ta m'chinangwa, Bemisia tabaci, timene timafalitsa khate la chinangwa, takhala tikugawidwa m'magulu potsata COI, monga SSA1 ndi SSA2. Mu 2017 Everlyne Wosula ndi anzake a ku IITA atayeza malo zikwizikwi a DNA ya pakati pa selo adapeza magulu asanu ndi limodzi amene sankagwirizana kwenikweni ndi magulu a COI aja.

Kuwerenga pepala la zotsatira

Mukalandira pepala, musathamangire mawu oti "rice strain" kapena chilembo R. Yambani mwafufuza chizindikiro chimene chagwiritsidwa ntchito. Ngati ndi COI yokha, pepalalo lakutsimikizirani mtundu wa mbozi ndi bele lake, ndipo si chifukwa chokwanira chouzira alimi a mpunga kuti apopere. Ngati palembedwa COI-RS pamodzi ndi TpiC, imeneyo ndiyo mbozi yathu ya masiku onse ya m'chimanga. Chimene chiyenera kukuimitsani ndi mbozi zingapo zokhala ndi COI ya mpunga ndi Tpi ya mpunga yosaphatikizana, makamaka ngati zatoledwa mu mpunga, m'mawere kapena mu msipu. Zotere zikapezeka, dziwitsani ofesi yoteteza mbewu m'dziko lanu msanga, ndipo iwo adziwitse anzawo a kutsidya kwa malire, pakuti gulugufe amene amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi safunsa chiphaso pa Mwami kapena pa Zóbuè.

Mwa maganizo anga, pa ntchito ya tsiku ndi tsiku zizindikiro za kupirira mankhwala ndi zofunika kuposa za mafuko, ndipo ndalama zochepa za kafukufuku zimene tili nazo zikadapita kumeneko. Zizindikiro zimenezi nzosiyana ndi zija takambazi, chifukwa kusintha kwa chilembo kumene kukuyezedwa ndiko kumene kumachititsa khalidwelo. Mu 2020 Debora Boaventura ndi anzake adapeza m'mbozi za ku Kenya kusintha kotchedwa F290V pa jini imene mankhwala a gulu la chlorpyrifos ndi a gulu la carbaryl amagwirapo ntchito. Ku Puerto Rico chimanga cha Bt chokhala ndi puloteni ya Cry1F chidalephera kupha mboziyi patangopita zaka zochepa chiyambire kubzalidwa, ndipo chidachotsedwa pa msika mu 2007. Pambuyo pake kudadziwika kuti gwero lake lidali kusintha kwa jini yotchedwa ABCC2. Kwa South Africa, amene amalima chimanga cha Bt, kulondera chizindikiro chotere ndi nkhani ya chakudya cha dziko. Komabe musamasulire mopitirira. Kusapezeka kwa chizindikiro sikutanthauza kuti mankhwala agwira, popeza mbozi ili ndi njira zinanso zosukulutsira poizoni m'thupi mwake. Ndiponso mlimi akadandaula kuti mankhwala sakupha, yambani mwafunsa nthawi imene adapopera, mlingo umene adasungunula, kumene adagula mankhwalawo, ndi msinkhu wa mbozi. Mbozi yaikulu yobisala pansi pa ndowe zake m'kati mwa nsonga ya chimanga imapulumuka ngakhale ilibe jini yachilendo.

Katoleredwe ka mbozi zotumiza ku labotale

Zotsatira sizingapose zimene mwatumiza, ndipo cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri nchokhudza bele lomwe lija. Gulugufe mmodzi amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, ndipo timbozi tikaswa timamwazikira pa mapesi oyandikana. Mukatola mbozi 30 pa ngodya imodzi ya munda, mwina mwatola ana a mai mmodzi, ndipo labotale idzawerenga COI imodzi ka 30 nkumati yayeza dera lonse. Tolani mbozi imodzi pa phesi, mapesiwo akhale otalikirana, ndipo muyende minda ingapo ya midzi yosiyana. Mbozi 30 zochokera m'minda khumi zimanena zambiri kuposa mbozi 100 za m'munda umodzi.

Mbozi iliyonse ilowe m'kabotolo kakekake. Zikakhala pamodzi zamoyo zimadyana, ndipo zikafera pamodzi DNA yake imasakanikirana. Mugwiritse ntchito ethanol wa mphamvu ya 95 pa 100 kapena kuposa apo, wochuluka kuposa thupi la mboziyo kangapo, ndipo ngati mbozi ndi yaikulu musinthe ethanolyo tsiku lotsatira, chifukwa madzi a m'thupi mwake amamusukulutsa. Formalin amaononga DNA. Kachasu, ngakhale atakhala wa mutu, ali ndi madzi ambiri. Mabotolo asungidwe pamalo ozizira ndi a mthunzi, osati pa galasi la kutsogolo kwa galimoto kapena m'chikwama cha pa njinga yamoto tsiku lonse. Musatole mbozi zofa kale kapena zoola, ndipo musatumize mbozi yamoyo kunja kwa dera lanu.

Chikalata cha m'botolo chilembedwe ndi pensulo, pakuti inki imasungunuka mu ethanol. Lembani tsiku, mudzi, boma kapena chigawo, dziko, ndipo koposa zonse mbewu imene mboziyo imadya pamene mumaitola. Onjezerani ngati m'mundamo mudapoperedwa mankhwala, ndi dzina la mankhwalawo. Popanda dzina la mbewu funso lonse la mafuko silingayankhidwe. Agulugufe a m'misampha ya fungo ndi othandizanso, koma kumbukirani kuti msampha umagwira aamuna okha, sunena mbewu imene adakulirapo, ndipo nthawi zina umagwira agulugufe a mitundu ina ofanana nawo. Atoleni pasanapite masiku ambiri, asanachite nkhungu.

Pafupifupi mbozi zonse zimene zayezedwa mu Africa zidachokera m'chimanga, chifukwa ndi kumene tonse timayang'ana. Koma fuko la mpunga likadzalowa silidzayamba kuonekera m'chimanga. Alangizi a m'masikimu a mpunga, a m'madambo ndi a kumalo oweta ng'ombe ndiwo adzaliona poyamba. Mukapeza mbozi ya Y pamutu ikudya mpunga, mawere, mchewere kapena kapinga, itoleni ngakhale ikhale imodzi, ndipo mulembe ngati pafupi pali munda wa chimanga, popeza mbozi zazikulu zimatha kuyenda pansi kuchoka m'chimanga chimene chauma.

Zitsanzo zikafuna kuoloka malire, zidzere ku malo a kafukufuku a boma, monga Chitedze kapena Bvumbwe ku Malawi, Mount Makulu kapena Msekera ku Zambia, ndi IIAM ku Mozambique. Pangano la Nagoya, limene lidavomerezedwa mu 2010 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limapatsa dziko lililonse mphamvu pa chuma cha chibadwa cha zamoyo zake, ndipo maiko ambiri amafuna chilolezo cholembedwa ngakhale pa mbozi yakufa ya m'botolo. Makampani onyamula katundu pa ndege alinso ndi malamulo awo pa ethanol, popeza amayaka moto, kotero funsani labotale yolandirayo mmene ikufunira kuti mabotolo amangidwe musanawatumize. Potumiza, pemphani m'kalata kuti ayeze COI ndi Tpi pa mbozi iliyonse payokha, ndi kuti zotsatira zibwere zitalembedwa motsata nambala ya botolo.